Mawu Amene Ndinalembera Mng'ono Wanga

1

Ndine Nolitha, ndipo ntchito yanga ndi kuika mawu m'kamwa mwa anthu amene kulibe. Ndimalemba nkhani za magemu a pakompyuta. Mukamasewera, munthu wa m'gemumo n'kukufunsani funso, inu n'kusankha yankho limodzi pa atatu amene alembedwa m'munsi, dziwani kuti funsolo, mayankhowo, ndi tsoka lililonse limene likugwereni chifukwa cha kusankha kwanuko, zinalembedwa ndi munthu ngati ine, atakhala mu ofesi yozizira ku Woodstock, tiyi ataiwalika pambali. Amayi anga mpaka lero amauza anzawo a kutchalitchi ku Gugulethu kuti mwana wawo amakonza makompyuta. Ndinatopa nako kuwawongolera.

Kudzichepetsa kwabodza ine ndilibe: khutu ndili nalo. Ndikakwera minibasi ku Gugulethu, pofika m'tauni ndimakhala nditatola malankhulidwe a anthu asanu, kondakitala wachisanu ndi chimodzi. Ndikhoza kukulemberani kalata m'mawu a apongozi anu, inu n'kuiwerenga mutagwada. Mwamuna wanga Siviwe ankati kukhala ndi ine kuli ngati kukhala ndi wapolisi m'nyumba, chilichonse chimene wanena chimakalembedwa penapake.

Siviwe ndi wojambula mawu. Ali ndi chibwibwi chiyambire ubwana, ndiye anasankha ntchito yokhala kuseri kwa galasi, zomvera zili m'makutu, n'kumamvetsera anthu ena akulankhula. Kunyumba mawu akamukanirira pakhosi ndinkamumalizira ndine, ndipo ndinkati chikondi n'chimenecho. Tinali titatha zaka zisanu ndi zinayi m'banja, mwana wathu Lulama ali mu giredi yachitatu. Bambo wofatsa, wofika nthawi yake, foni yake yongosiyidwa paliponse ngati supuni.

Ndiye Lachiwiri lina mu Ogasiti anafika kuchokera kuntchito n'kuika foni patebulo chafufumimba.

"Zayenda bwanji ndi Zimi lero?" ndinafunsa.

"Bwino."

"Mwamaliza mizere yake?"

"Ayi. T-tinalekezera panjira."

"Chavuta n'chiyani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene akuyesa kukumbukira kumene anakuonapo.

"Mawu anamuuma," anatero. Kenako anapita kukasamba, foni ataitenga.

Zimi ndi mng'ono wanga, dzina lake lonse Zimkhitha. Asanakhale mlamu wake wa Siviwe, anali chibwenzi chake.

2

Zimene aliyense ku Gugulethu amadziwa ndi izi. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, Loweruka lina, amalume ake a Siviwe ankayembekezeka kwathu kudzakamba za malowolo a Zimi. Nkhosa inaphedwa. Mphika wa sampu, chimanga chokonola chija, ndi nyemba unali pamoto kuyambira m'mawa. Amalume athu, amene anayenda ulendo wonse kuchokera ku Cofimvaba, anavala majekete n'kukhala pabalaza, zipewa zili pamaondo. Dzuwa linapendeka popanda munthu woima pageti kuitana mayina a mtundu wathu. Anansi amene anabwera kudzathandiza kuphika anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akutsanzika motsitsa mawu ngati pamaliro.

Zimi anaimba foni mpaka batire kutha. Siviwe sanayankhe. Ine, pokhala mkulu wake, ndi amene ndinatumidwa kukamva chimene chachitika, ndipo ndinabwerako ndi mawu ochepa: akuti zatha, musamuvutitse. Patangopita mwezi Zimi analongedza kupita ku Johannesburg kukachita zisudzo. Patapita zaka ziwiri, amalume omwe aja a Siviwe anaima pageti pathu, koma podzapempha ine. Anthu analankhula mpaka pakamwa kuwawa, kenako anapeza nkhani ina. Zimi ku ukwati sanabwere. Anatumiza mapoto.

Anabwerera ku Cape Town zaka zitatu zapitazo ali munthu wina, mutu wometa, ndolo zazikulu, kuseka kwake komveka mpaka kumsewu. Siviwe ankamutchula kuti "alamu", mokweza, ngati akukhomerera msomali. Zakale sankazikhudza onse awiri. Komabe ine sindinkawasiya okha. Pa Khirisimasi ndinkakhala pakati pawo, ndipo mmodzi akapita kukhitchini, winayo ndinkamupezera chochita pabwalo.

Ndiye taganizani mmene ndinamvera tsiku limene Rushana, mkulu wa kampani yathu, anandiitana akumwetulira. Gemu yathu yatsopano inali ya ana aakazi awiri a msodzi pa chilumba chongopeka, wamkulu Runa, wamng'ono Sela.

"Sela ndamupeza," anatero Rushana. "Ndinamumva pawailesi akutsatsa sopo. Ndiye ndifunse dzina, akuti ndi mng'ono wako. Iwe, munthu wa mawu otere n'kumamubisa?"

"Ndi wotanganidwa, sangapeze mpata."

"Wavomera kale. Nanga nkhope yagweranji? Munalimbirana cholowa?"

Ndinaseka kuti zithe. Mawu a magemu athu onse amajambulidwa ku situdiyo ya Siviwe ku Salt River. Kunali kutanthauza masabata anayi, awiriwo ali okha, chowalekanitsa ndi galasi basi.

3

Mwina simudziwa mmene mawu a m'gemu amajambulidwira. Si ngati sewero la pawailesi, pamene onse amaima pamodzi n'kumayankhana. Ine ndikamaliza kulemba, makina amatola mizere yonse, zikwi zingapo, n'kuipatsa manambala, n'kuigawa potsata dzina la wolankhula. Wolankhulira Sela amalandira mizere ya Sela yokha, yosakanikirana, ya kulira ndi kukuwa ili kumapeto kuti mawu asamuthere msanga. Amawerenga osadziwa kuti akuyankha ndani. Tsiku likatha situdiyo imatumiza zojambulidwazo, ine n'kumvetsera ngati zamveka mmene ndinkafunira.

Lachitatu m'mawa ndinavala zomvera n'kutsegula za dzulo lake. Zinthu ziwiri zinandiimitsa. Choyamba chinali nthawi. Anayenera kujambula mpaka wani koloko, koma chomaliza chinajambulidwa itangopitirira leveni. Maola awiriwo anapita kuti? Chachiwiri chinali manambala. Panali 4410, 4411 panalibe, kenako 4412, kachidutswa kakafupi kamene ndikukhulupirira kuti Siviwe anakatumiza mosadziwa. Munalibe mzere wanga uliwonse. Munali mawu a Zimi, osati a Sela, otsika, odzaza nkhawa.

"Siviwe? Watani? Ukunjenjemera bwanji?"

Ndinakamvetsera kachidutswako maulendo amene sindingawerenge. Zaka zitatu zonse anali "alamu". Ulamuwo unathera pa leveni koloko Lachiwiri, ndipo Zimi anamutchula dzina lake ndi mawu amene sindinawamve chichokere ali mtsikana pakhonde la kwathu.

Nsanje inandigwira, ndinene zoona, pamodzi ndi mantha. Banja langa ndinkaliona likutsetsereka. Ndikanangotsegula mndandanda wa mizere n'kuyang'ana kuti 4411 ndi mzere uti, ndikanadziwa zonse m'mawa womwewo. Koma mutu wanga sunali pa mapepala. Nditafika kunyumba ndinanunkhiza kolala ya malaya ake, ndinapisa m'matumba a jekete, ndinayang'ana mmene mpando wa kutsogolo m'galimoto wasunthira. Ndinapeza kapepala ka nsomba ndi tchipisi, mbale ziwiri. Siviwe masana sadya, amati chakudya chimamutseka makutu.

"Unali ndi njala dzulo?" ndinamufunsa, kapepala kali m'manja.

"Zimi anali ndi njala."

"Ndiye iwe unamuthandiza kutafuna."

Kale akanaseka n'kundikoka khutu. Ulendo uno anangotenga kapepalako m'manja mwanga, n'kukapinda bwinobwino, n'kukaponya m'bini.

4

Lachinayi ndinauza Rushana kuti ndikupita kukachotsetsa dzino. Ndinaimika galimoto kuseri kwa lole ya mipando, moyang'anana ndi situdiyo, n'kudikira. Mayi wa zaka makumi anayi, wolemba wolemekezeka, atabisala kuseri kwa lole. Manyazi ndinali nawo, koma sanandibweze.

Itakwana thwelofu anatuluka onse awiri. Siviwe ananyamula envelopu yaikulu. Ndinawatsata mpaka ku Observatory, m'mbali mwa mtsinje wa Liesbeek, kumene anaimika galimoto pansi pa mitengo. Ine ndinaima patali, maso ali pa mitu yawo iwiri.

Ndinkayembekezera kupsompsonana, ndipo mawu oti ndikanene pogogoda pa zenera ndinali nditawakonza kale, mitundu itatu monga mwa ntchito yanga. Koma sanakhudzane. Siviwe ankatulutsa mapepala n'kumawasanja, ili apa, ili apo, Zimi akuwerenga. Pakati pa kuwerengako Zimi anagwira pakamwa. Kenako anatsegula chitseko n'kukaima panja pamphepo, manja atapinda, akuyang'ana madzi. Siviwe sanamutsatire. Anatsamira chiwongolero, mutu uli pamikono. Zimenezi zinandiopsa kuposa kupsompsonana, chifukwa anthu ongoseweretsana sakhala chete chonchi.

Ndili m'njira yobwerera, foni inalira. Anali amayi.

"Nolitha, kodi mng'ono wakoyu walowedwa chiyani? Wabwera dzulo ndi mafunso ngati loya."

"Mafunso otani, Mama?"

"Akuti sabata ya malowolo ake ija, tsiku limene anapita kukalukitsa tsitsi, pakhomo panatsala ndani."

"Ndiye munati bwanji?"

"Ndinati ine ndinali kogula nkhosa ndi amalume ako, panatsala iwe. Nanga ndinene bodza? Zinthu zinakwiririka kalekale, akuzifukuliranji?"

"Musiyeni, Mama. Anthu a zisudzo sakhala osalira sabata yathunthu."

"Iwe usamanene choncho mng'ono wako. Mwanayu anavutika."

Nditadula foni ndinadziuza kuti nkhani yake ndi yoonekeratu. Akufukula zakale chifukwa akufuna kubwererana, ndipo mapepala aja ndi a kwa loya, othetsera banja langa. Panalinso chifukwa china chimene mafunso a Zimi anandiopsera, koma chimenecho ngakhale kwa ine ndemwe sindinachitchule.

5

Loweruka m'mawa ndinagula magwinya otentha, mandasi a kuno, n'kupita kwa Zimi. Ananditsegulira atavala chimalaya cha mwamuna, ndipo ndinachiyang'anitsitsa mpaka kutsimikiza kuti si cha kwathu.

"Sisi, magwinya? Kwagwanji? Mwalota ndafa?"

"Ndimati ndidzakuone. Ntchito ikuyenda?"

"Ikuyenda. Mumalemba bwino, sisi. Nthawi zina ndikamawerenga Sela ndimachita kudabwa, ngati ndikudzimvera ndekha."

"Ndi ntchito yanga imeneyo."

"Eya. Kuyambira kale."

Anathira tiyi, n'kukhala moyang'anana nane, akudya gwinya pang'onopang'ono. Ndinalephera kupirira.

"Zimi, bambo aja ndi anga. Ali ndi mwana."

Anasiya kutafuna. Kenako anaseka, koma osati kuseka kwake kwa kumsewu kuja.

"Ndiye magwinyawa abwerera zimenezo? Mtima m'malo, sisi. Za mwini ine sinditola. Bere tinayamwa limodzi, koma si zonse timafanana."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Imwani tiyi, akuzizira."

Ndinachoka mutu ukuwira. Mawa lake titadya chamasana, Lulama atapita kukasewera kwa anzake, ine ndikutsuka mbale, Siviwe anaima pambali panga ndi kansalu kopukutira.

"Noli, z-zonse umalemba zija umazitenga kuti?"

"Kwa anthu. Ukudziwa kale."

"Zonse?"

"Zina m'mutu. Bwanji, wayamba kufuna ntchito yanga?"

Anapukuta mbale imodzi mpaka kuwala.

"Wolankhulira Runa wadwala chimfine. Lachiwiri ubwere udzawerenge m-m-mi..."

"Mizere yake mongogwirizira," ndinamumalizira. "Ndibwera."

Zimenezi zimachitika. Wolankhulira akasowa, wolemba amawerenga kuti ntchito isaime, mwiniwake n'kudzajambula bwino pambuyo pake. Mumtima ndinakondwa. Ndinati ndikakhala pakati pawo monga pa Khirisimasi, n'kuona ndi maso anga mmene amayang'anirana.

6

Kachipinda kojambulira ndi kakang'ono, makoma ake ofewa, ndipo chitseko chikatsekedwa umamva magazi ako akuyenda. Ndinapeza Zimi ataima kale pa maikolofoni yake. Yanga inali moyang'anana naye, mapepala ali pa kathabwa chafufumimba. Kuseri kwa galasi Siviwe anayatsa kagetsi kofiira, mawu ake n'kubwera m'zomvera zanga.

"Lero t-tijambula moyankhana. Ayamba Zimi. 4411."

Zimi sanayang'ane pepala. Anayang'ana ine.

"Ndatopa kudikira kuti umalize chiganizo chimodzi. Moyo wonse sindingathe. Amalume ako asavutike Loweruka. Usandiimbire, ungandichedwetse."

Ndinatembenuza pepala langa, ndipo mzere woyamba wa Runa unali uwu: "Foni unaisiya pabedi popita kukalukitsa tsitsi."

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakhala ndikukubisirani. Wolemba aliyense wa magemu ali ndi kachigawo kake m'nkhani kamene wosewera sangafikeko ngakhale atasankha motani. Ine ndimakatcha chipinda chopanda khomo. Ena amasungamo zimene zadulidwa, ena nthabwala zonyoza abwana. Ine ndinkasungamo tchimo langa. Kope munthu akhoza kulipeza m'kabati, koma mizere makumi awiri pakati pa zikwi zisanu ndi chimodzi ndani angaione? Gemu iliyonse imene ndalemba ili ndi chipinda chimenecho, ndipo nkhani yake ndi imodzi: wamkulu akuulula kwa mng'ono wake. Ndinkailemba, n'kulira, n'kuika chizindikiro choti isatumizidwe kojambula, n'kupita kunyumba kukaphika.

Chaka chimenecho kampani inasintha pulogalamu yolembera, ndipo posamutsa nkhani zizindikiro zija zinatayika. Ine, poopa kuti wina angasuzumire pa phewa langa, olankhula m'chipindamo ndinali nditawatcha Runa ndi Sela kuti zioneke ngati za gemu. Makina sadziwa chinsinsi. Anatola mizere ya Sela n'kuipereka kwa Zimi, ndipo Zimi anaiwerenga mosadziwa kanthu m'makutu mwa munthu yekhayo padziko amene anaisunga pamtima. Siviwe poyamba anaganiza kuti Zimi anandiuza uthengawo kuti tizimuseka. Atamufunsa, Zimi anati, uthenga uti? Mapepala a kumtsinje aja anali mizere ya Runa ndi ya Sela, akuisanja kuti iyankhane.

"Werenga," anatero Zimi. Usisi unali utatha.

"Zimi, tiye tikakambirane panja."

"Unalemba wekha. Werenga. Ndipo uwerenge bwino, akujambula."

Ndinawerenga. Mawu anga ankanjenjemera, koma chiganizo chilichonse chinali chosalala, pakuti ndinali nditachikonza zaka zambiri.

"Foni unaisiya pabedi popita kukalukitsa tsitsi. Ndinaitenga monga ndinkachitira masiku onse. Ndinalemba m'mawu ako, n'kutumiza, n'kufufuta. Ndinadziwa pomubaya kuti asakuimbire. Atandituma kukamva, iye ndinamuuza kuti wanena kuti zatha, iwe ndinakuuza kuti wanena kuti zatha. Nkhosa ija ndinathandiza nawo kusenda ndikudziwa kuti sabwera."

Ndi mmene zinalili. Pa chibwenzi chawo Siviwe ankaopa kulankhula pafoni, ndiye ankalemba. Zimi pakamwa ndi katswiri koma kulemba ndi ulesi, choncho ankandiponyera foni: "Sisi, muyankheni, inu mumatha." Zaka ziwiri ndinkamuyankha ndine, m'mawu a Zimi. Mauthenga a Siviwe anali aatali, oseketsa, opanda chibwibwi, ndipo ndinawakonda ndisanazindikire kuti ndakonda mwini wake. Ndinadzinamiza kuti amene akumukonda ndine, kungoti sakudziwa. Kutatsala masiku awiri kuti amalume abwere, ndinalemba uthenga womaliza.

7

Pepala linali lisanathe. M'chipinda changa chija, Runa akamaliza kuulula, Sela amakhala ndi mayankho atatu, monga mwa mwambo wa ntchito yathu. Zimi ananyamula pepala lake.

"Loyamba," anatero, n'kuwerenga: "Choka pamaso panga." Analiwerenga bwino kwambiri moti ndinabwerera m'mbuyo.

"Lachiwiri: Unandionerera ndikulira pakhonde, n'kundipatsa madzi akumwa." Apa mawu anamuthyokera, koma anafika kumapeto.

Lachitatu ndinkalidziwa. Ndi limene ndinkalisankha ndekha nthawi zonse ndikamaliza kulemba: "Ndakukhululukira, sisi." Kagetsi kofiira kanali koyaka. Zimi anayang'ana mzerewo, akupuma pafupi ndi maikolofoni. Anapuma kamodzi, kawiri, katatu. Kenako anavula zomvera n'kuzikoleka.

"Unandilembera zonditayitsa mwamuna," anatero motsitsa. "Tsopano wandilemberanso zokukhululukira. Awa sundilembera, Nolitha. Ndikadzawafuna ndidzawapeza ndekha."

Anatuluka. Ine ndinazungulira kupita kuseri kwa galasi. Siviwe anali atakhala, manja ali pamaondo, maso ofiira.

"Siviwe, zaka zisanu ndi zinayi zija si zabodza. Mauthenga onse unkawakonda aja ndinkalemba ndine. Amene unamukonda ndine."

"Mauthenga aja s-s-sindinka..."

"Sunkadziwa kuti ndi anga, eya, koma..."

"Usandimalizire."

Sanakweze mawu. Ndinatseka pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirane ndinadikira. Zinatenga nthawi. Nsagwada zake zinkalimbana ndi liwu lililonse, ine nditaima, ndikudziwa kale mawu khumi amene ndikanamupatsa. Palibe ngakhale limodzi mwa khumiwo limene ananena.

"S-sindinkawakonda chifukwa anali okoma. Ndinkawakonda chifukwa ndinkati ndi ake. Ndipo w-womaliza uja ndakhala ndikuumva tsiku lililonse ndikatsegula pakamwa. Ndinkabwera kwa iwe kuti unditonthoze. Iwe n'kumandisisita msana."

Ndinalira, koma sanandigwire. Anazimitsa makina onse, n'kunditsegulira chitseko ngati mlendo. Wolankhulira Runa, ndinamva pambuyo pake, sanadwalepo chimfine.

8

Papita chaka ndi miyezi inayi. Ndimakhala ndekha m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Mowbray. Lulama amagona kwa ine sabata imodzi, kwa bambo ake sabata inayo. Amene mukudikira kumva kuti Siviwe ndi Zimi anabwererana, pepani. Sanabwererane. Zimi anauza amayi kuti mtsikana amene ankamukonda Siviwe anafera pakhonde Loweruka lija, ndipo iye alibe naye ntchito mwamuna wa mkulu wake. Chimene ndinawalanda sichinabwerere kwa aliyense. Amayi anakhala miyezi itatu osandilankhula, ndipo ngakhale pano akandiona amayamba ndi kupukusa mutu.

Chinthu chimodzi chokha Zimi anapempha, kudzera kwa Rushana: kuti chipinda chija chiikidwe khomo. Rushana, amene anali atamvetsera zojambulidwazo, anandiyang'ana n'kunena kuti ndi chigawo chabwino kuposa zonse zimene ndinalembapo, ndipo sanafunse zambiri. Tinasintha foni kukhala kalata, amalume kukhala akulu a m'ngalawa, koma mizere ya Runa ndinaiwerenganso ine ndemwe, mawu akunjenjemera ngati tsiku lija. Choncho lero aliyense amene wasewera mpaka kumapeto amandimva ndikuulula, kenako amapatsidwa mayankho atatu a Sela. Akasankha lachitatu, mawu amaoneka olembedwa m'munsi, koma m'makutu amangomva munthu akupuma katatu. Osewera ena amatilembera kuti pali cholakwika, tikonze. Ena amati wolembayo ndi wanzeru zoopsa. Rushana amati osewera ambiri amasankha lachitatulo.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli ndi pakamwa pofulumira ngati ine, amene m'banja mwanu mumatumidwa kukanena zovuta chifukwa "mumatha", ndimvereni. Masabata onse amene ndinkanunkhiza makolala ndi kubisala kuseri kwa lole, ndinkafunafuna wakuba m'nyumba mwanga. Ndinkawakayikira chifukwa ndinkadziwa bwino zimene munthu angachitire m'bale wake akumwetulira. Ngati alipo amene munamulankhulira mawu amene si ake, pitani mukamuuze ndi pakamwa panu. Musachite ngati ine, kumalapa pa malo amene mukudziwa kuti safikapo, n'kumadzikhululukira nokha m'dzina lake.

Gemuyo ndili nayo pa kompyuta yanga. Sabata imene Lulama kulibe, ndikabwera kuntchito, ndimatsegula chigawo chija n'kusankha yankho lachitatu. Ndimakweza mawu mpaka pamapeto n'kumvetsera mng'ono wanga akupuma. Chiganizocho ndikuchidziwa, ndinachilemba ndine, ndipo chili pamilomo panga nthawi zonse. Sindichimaliza. Ndikudikira mwini wake.